Jekete Yofiira ya Malemu Walt

KALABU YA OYENDA M'MAPIRI YA KU LIBBY, MONTANA

Tsiku: Lachiwiri, 9 Seputembala 2014
Malo: Chipinda chakuseri kwa sitolo ya a Lindqvist
Opezeka: Bambo Dale Lindqvist (Wapampando), Mayi Noreen Haskell (Mlembi), Bambo Gene Tollefson (wotsogolera maulendo), Mayi Ardith Pruitt
Osapezeka: Bambo Curtis Odegaard, osatumiza ndi uthenga womwe. Aka n'koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 2:10 masana, titawadikira a Odegaard mpaka khofi wawo kuzizira.

2. Ulendo wa ku Dziwe la Marten
A Tollefson anati paulendo wa mwezi watha malamulo onse anatsatidwa. Anaphikira mapazi zana kuchokera pa matenti. Chakudya, sopo ndi mankhwala otsukira mano anaziika m'thumba n'kulipachika panthambi yam'mwamba. Kutacha, thumbalo linali bwinobwino, koma chimbalangondo chachikulu chinali chitakhala pafupi ndi mwala wafulati, pakati pa matenti.

"Tinakuwa, tinamenya mapoto, ayi ndithu, icho phee," anatero. "Thumbalo sichinaliyang'ane n'komwe. Chimatiyang'ana ifeyo kumaso, mmodzimmodzi, ngati munthu wochingamira mlendo pa basi. Kenako chinanyamuka n'kumapita."

Wapampando anati, "A Gene, mwina chinaona ndevu zanuzo n'kuyesa ndinu m'bale wake." Palibe anaseka.

3. Mawu a Mayi Pruitt
Mayi Pruitt anaulula kuti malemu amuna awo, a Walt, amene anatisiya mu Epulo, anakhala akusiya buledi wopaka chiponde pamwala umenewo kwa zaka khumi ndi chimodzi.

"Ankati chimbalangondocho ndi mnzawo," anatero. "Chimawamva fungo akadali kutali, n'kutsika kukawachingamira. Sichikudziwa kuti anamwalira."

Mlembi akufuna zilembedwe kuti a Walt omwewa ndiwo analemba malamulo athu a chakudya, ndipo anandikalipira pagulu chifukwa cha switi imodzi m'tenti. Zandiwawa kwambiri.

A Tollefson anati chimbalangondo chozolowera kupatsidwa chimati chikamanidwa, chimadzitengera chokha, ndipo sichipempha. Wapampando anakumbutsa kuti alonda a nkhalango akauzidwa adzachiwombera.

"Chonde abale, chalakwanji?" anatero Mayi Pruitt akulira. "Chikungodikira munthu basi."

Chigamulo: mavoti atatu kwa imodzi, alonda auzidwe mawa. Membala aliyense asapondeko ku Marten.

4. Zina ndi zina
Mayi Pruitt anati ayamba kugawa katundu wa malemu, ndipo wofuna nsapato kapena ndodo akatenge. Jekete yofiira ija anawapatsa kale a Odegaard Lachinayi. A Tollefson anafunsa ngati inachapidwa.

"Ayi bambo, mtima sunandilole. Ikadanunkhirabe iwowo. Buledi uja ankamuika m'thumba lamkati."

Wapampando anafunsa ngati alipo wawaona a Odegaard sabata ino. Panalibe. A Tollefson anakumbukira kuti Lachisanu anakumana nawo pothira mafuta, chikwama chili m'galimoto, akuti akukawedza okha ku Marten ndipo abwera Lamulungu.

Mlembi anafunsa kuti anavala chiyani. A Tollefson anati anavala jekete yofiira ija.

Mlembi anaimba foni ya a Odegaard katatu, sinapezeke. Anaimbira mayi woyandikana nawo nyumba, amene anati galimoto kulibe, ndipo galu wakhala akulira m'khonde chiyambire dzulo.

Chigamulo cha pa mfundo 3 chinasinthidwa. Alonda anaimbiridwa nthawi yomweyo. Ulendo uno Mayi Pruitt sanatsutse.

5. Msonkhano wotsatira
Tsiku silinakambidwe.

6. Kutseka
Msonkhano sunatsekedwe, anthu anangotuluka 2:55. Kapu ya a Odegaard ndaisiya patebulo pomwepo.

Mlembi: Noreen Haskell
Wapampando: sanasaine, anali atathamangira kale ku galimoto.