Chipinda Chaching'ono ndi Injini Imodzi

Lolemba, 3 Juni

Tapangana! A Kaputeni (amuna anga, dzinalo ndinawapatsa ndine) akuti ndikakwanitsa kuteretsa ndege yawo ya pakompyuta ndi injini imodzi yokha Loweruka, achotsa zonse m'chipinda chaching'ono, ine ndiikemo makina anga osokera. Ndatopa kusokera pakhonde, mphepo kumangondiulutsira nsalu. Iwo kuseka mpaka kutsokomola. "Mayi, si njinga iyi." Tiona.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndakhala pampando wawo. Chiwongolero anachimangirira patebulo, pansi pali zopondera ziwiri. Ndegeyo ndi ya injini ziwiri zozunguza mapulopela, kulira kwake m'mahedifoni ndiye eee! Nditakankha ndodo zowonjezera moto, mapazi anga anayamba okha kupalasa ngati ndili pamakina. Ndege n'kumavina uku ndi uku mpaka kukalowa muudzu. Kani zopondera n'zokhotetsera, osati zothamangitsira. A Kaputeni misozi mbwee ndi kuseka.

Lachitatu, 5 Juni

NDAULUKA!!! Nyumba zinatsala pansi ngati mabatani. Ndinakuwa mpaka mphaka kuthawira panja.

Lachinayi, 6 Juni

Iwo atapita kuntchito ndinati ndingoyesa kamodzi. Ndadzidzimuka dzuwa litapendeka, diresi la aphunzitsi likadali lodula pomwe ndinalisiya.

Madzulo anandiphera injini yakumanzere ndili m'mwamba. Ndege kukhotera mbali imodzi, magetsi ofiira kuthwanima, ine ndi phuma ndinazimitsa yakumanja, yamoyoyo. Kunangoti zii. Tinatsika ngati thumba la simenti. Zinandipweteka, sindinama. Koma sanaseke, anandifotokozera bwinobwino: phazi limodzi limaponda kuti ndege iwongoke, ndiye injini yakufa ili mbali ya phazi lomwe likungokhala. Munthu kuphunzitsa mdani wake!

Lachisanu, 7 Juni

Aphunzitsi anabwera kudzafunsa diresi. Ndawauza kuti latsala pang'ono. Ulusi sindinaukhudze n'komwe, koma ndatera kangapo osagwa, ndipo posenda mbatata ndimangoponda pansi pa tebulo.

Ndawapeza a Kaputeni akutsitsa makatoni pamwamba pa wadiropu, oti alongedzemo zinthu zawo. Ndinamva chisoni. Pang'ono chabe.

Loweruka, 8 Juni



Anandiphera injini yakumanja, n'kuwonjezera mvula dala, akuluakulu opanda manyazi. Phazi lakumanzere ponde, lakumanja likungokhala, basi yakufa ndi imeneyo. Ndinaizimitsa. Pulopela inaima, inayo ikulirabe. Matayala pansi. Magetsi a bwalo n'kutulukira mu nkhungu, ine thukuta kamukamu, kuiyankhula ndege ngati mwana, tiye amama, tiye. Tinadumpha kawiri, koma tinaima pa phula!

Ndinavina ndi mahedifoni kumutu. Potembenuka ndapeza bambo agwada kuseri kwa tebulo, akuzula mawaya n'kumawakulunga mosamala.

"Mukutani?"

"Pangano ndi pangano. Chipinda ndi chanu, mayi."

Ndinayang'ana sikirini itada bii, mtima wanga n'kuti myuu.

"Ndi changadi, eti? Ndiye bwezerani mawayawo, mukatenge mpando wina kukhitchini. Muuike kumanja, mukhalepo inu."

"Kumanja? Kumanjatu kumakhala wothandizira kaputeni."

"Ndikudziwa."

Anaika waya pansi n'kutuluka. Panopa ndikuwamva akukoka mpando kuchokera kukhitchini, akuimba mluzu.