Ndinataya chitini cha makala cha m'galimoto ya bwana

Aphungu,

Mtima wanga uli m'mwamba. Ndine dalaivala wa mphunzitsi wina wa ku Amereka kuno ku Domasi. Chaka chino cha 1973 bwanayu wabwera ndi galimoto yatsopano ya kwawo. Tsiku lina ndikupukuta injini ndinaona kachitini kakuda kolumikizidwa ndi timapaipi. Nditakaboola ndi msomali, munatuluka makala osinja! A Makaiko, mlonda wathu, akhala akufuna kuti mphwawo alowe ntchito yangayi, ndiye ndinati basi, anditchera mankhwala. A Maulidi, makanika wa pa Songani, nawonso anati, "Chiyambire ntchitoyi sindinaonepo galimoto yodya makala. Tayani msanga!" Ndinakazula n'kukaponya mumtsinje wa Domasi.

Chichokereni apo, dzuwa likangotentha galimoto imanunkha petulo, mpaka zovala zanga zomwe. Dzulo bwana ananunkhiza malaya anga n'kunena kuti, "Ukupopa petulo wanga. Pofika Lachisanu undiuze zoona, apo ayi ntchito yatha." Aphungu, sindinabepo ngakhale dontho. Ndili ndi ana anayi ndipo ndikuopa. Ndinene chiyani?

S.I., Malemia, Domasi

A S.I.,

Pepani bambo, mfiti palibe apa. Chitinicho anaikamo ndi amene anapanga galimotoyo. Petulo akatenthedwa m'thanki amatulutsa nthunzi. M'magalimoto akale nthunziyo imathawira pa kabowo ka chitsekero, koma atsopanowa chitsekero chake n'chothina. Nthunzi imadutsa m'paipi kukafika ku makala aja, makalawo n'kuigwira. Mukaliza injini, imaiyamwa n'kuiwotcha pamodzi ndi petulo. Inu munachotsa chogwirira, ndiye nthunzi ikungotayikira pambali pa injini yotentha. Apatu ndi pa moto!

Kuyambira lero musasutire fodya pafupi, ndipo galimotoyo musaiimike kufupi ndi khitchini. Paipiyo musaitseke ndi chitsononkho, mungatupitse thanki.

Lachisanu musalidikire. Itanani bwana lero lomwe, tsegulani boneti, muwaonetse timapaipi tolendewerato, munene zonse mpaka za mumtsinje. Akukalipirani ndithu, mwinanso akusekani, koma manyazi sapha munthu. Kenako pemphani kuti galimoto ipite ku galaja yaikulu ku Blantyre akaitanitse chitini china. A Makaiko asiyeni, kutchula munthu mfiti ndi mlandu.

Chenjerani, bwana asamve nkhaniyi kwa makanika wa ku Blantyre inu muli chete. Dalaivala wosadziwa amamuphunzitsa, koma wobisa zinthu sampatsanso makiyi.