Masamu Pansalu ya Amayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Indianapolis tili bwino, kupatula bondo langali lomwe limadana ndi kuzizira.

Loweruka mwana wanu Tadala anabwera kuchokera ku South Bend ndi pulofesa wake wa fizikisi, amene akuti ndi wotchuka dziko lonse chifukwa cha masamu ofotokoza chiyambi cha nyenyezi. Pofuna kumulemekeza, ndinayala patebulo nsalu ija anapeta malemu amayi.

Munthuyo analowa osapereka moni. Ife tikupempherera chakudya, iye anali atayamba kale nkhuku. Mkazi wake, amene anabwera naye, ankamudulira nyama ngati mwana, koma iye osamuyang'ana ngakhale kamodzi. Kenako Tadala anamufunsa za sukulu. Bamboyo anakankha mbale, n'kusolola cholembera, n'kuyamba kulemba masamu pansalupo, pamaluwa a amayi penipeni. Ndinati ndilankhule, Tadala n'kundiponda phazi, poti digiri yake ili m'manja mwa munthuyo.

Koma amene andinyansa kwambiri ndi alamu anu. Alendo atapita anati, "Musaichape, tiiike mufelemu. Dzanja lalembapoli si lamasewera."

Ndinati, "Nanga dzanja la amayi?"



Ndaiviika, ndaichapa, inki sikuchoka. Chonde mundifunsire kwa azakhali chochotsera, koma musawauze kuti ndi nsalu iti.

Mulungu akusungeni nonse. Muzimupempherera Tadala kuti kwa mkuluyu atengeko masamu okhawo.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati