Firiji Yosazimitsa ndi Mafunso a Bambo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino. Msana uja wasiya kukuvutitsani? Nanga m'maso mukudonthezerabe mankhwala, kapena botolo mwalibisanso kuseri kwa mawailesi a anthu? Ine kuno ndili bwino ndithu.

Ndalemba pa pepala dala, poti foni yanga simuyankha. Patha zaka ziwiri chisiyireni uphunzitsi, ndipo mawu anu omaliza kwa ine anali akuti ndataya choko n'kukatola mphepo. Sindikubwezani mawu. Koma lero ndili ndi nkhani, mtima ukungodumpha, ndiye mundipirire mpaka kumapeto.

Achemwali anakuuzani kuti ndimajambula mawu a akatswiri n'kuwaika pa intaneti kuti anthu azimvetsera pa foni. Chaka chino ndagwera m'nkhani ya makompyuta atsopano otchedwa kwantamu. Bambo inu, zinthu zake! Kompyuta wamba imawerengera ndi timaswichi: kayaka kapena kazima, basi. Koma iyi imagwiritsa ntchito tinthu totchedwa makyubiti, timene timatha kukhala mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo ukatiyeza m'pamene timagwera kumodzi. Miyezi itatu ndakhala ndikugwedezera akatswiri mutu ngati ndamva, chonsecho m'mutu muli mbee.

Kuno kuli mayi ena, apulofesa a za makompyuta amenewa, amene atolankhani onse amawalimbirana. Ndinawalembera kasanu ndi kawiri. Lachiwiri lapitali anandipatsa ola limodzi, ndipo m'basi ndinapitirira pamalo potsikira chifukwa choloweza mafunso.

Anandilowetsa m'chipinda chawo chogwirira ntchito. Pakati papachikidwa chimgolo choyera, mawaya ali mbwee kuposa a patebulo panu paja. Akuti ndi firiji, ndipo m'kati mwake mumazizira kuposa kumwamba kuli nyenyezi uko, chifukwa tinthu tija tikangomva kufunda pang'ono timasokonezeka. Pambali pali pampu yolira osapumira, tswii, tswii, ngati mwanapiye wosochera.

Tsono ife ojambula mawu tili ndi lamulo lathu. Ukalowa m'nyumba ya munthu umayamba wazimitsa firiji kuti isamveke, makiyi ako n'kuika m'firijimo kuti pochoka usaiwale kuyatsanso. Ine nditangovala zomvera m'makutu n'kumva kulira kuja, dzanja linachita lokha. Ndinatulutsa makiyi m'thumba, ulendo kukhoma kukafuna swichi.

Amisiri oyang'anira makinawo anakuwa ngati aona njoka, n'kundigwira mkono chala chitatsala pang'ono kufika. Ali wefuwefu anandiuza kuti chimgolocho chikafunda pamatenga masiku ambiri kuti chizizirenso, ndipo ntchito imene akhala akuyeza mwezi wonse ikanathera pomwepo. Manyazi ake osanena! Apulofesa atafunsa za makiyi ali m'manja mwangamo, ndinafotokoza lamulo lathu lija. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Tinasamukira m'kachipinda kosungira makatoni. Nthawi inali itadyeka, kwatsala mphindi makumi awiri, ndipo mafunso oloweza aja onse anali atathawa. Ndinangofunsa chimene chinabwera pakamwa, kuti kodi kyubitiyo ili ngati singano ya wailesi ikaima pakati pa masiteshoni awiri, onse n'kumamveka pamodzi.

Mumtima ndinati basi ndanyanyula. Apulofesa anati si ndendende, koma ndayandikira kuposa ambiri, chifukwa konseko nkhani ndi ya mafunde. Mafunde ena akakumana amawonjezerana mphamvu, ena amafafanizana, ndipo luso lonse lagona pokonza zinthu kuti mayankho olakwika afafanizane okhaokha, lolondola litsale. Bambo, pamenepo m'mutu munayera! Si zija munkandijambulira ndi msomali pa fumbi la patebulo ndili wamng'ono?

Anafunsa amene anandiphunzitsa kuganiza choncho. Ndinati ndi bambo anga, okonza mawailesi zaka makumi atatu ndi zisanu, amene sukulu analekera kalasi yachisanu koma salola kutseka wailesi asanadziwe chimene chinaiwononga. Ndinanena monyada, sindibisa.

Mverani tsono. Akuti ndibwerenso pa 28 mwezi uno, andipatsa masana onse. Koma aika lamulo limodzi: mafunso akhale anu, m'mawu anu enieni, ine ndizingomasulira. Akuti atopa ndi anthu ofunsa kuti aoneke anzeru, akufuna munthu wofunsa kuti adziwe. Akuti popanda mawu anu ndisavutike n'kubwera. Ndinavomera musanavomere inu, pamenepo ndalakwa, mundikhululukire.

Pempho langa ndi limeneli. Achemwali abwera Lamlungu ndi foni yawo. Iwo adina batani lofiira lojambulira mawu, inu muzingolankhula monga mumachitira kasitomala akabwera ndi wailesi yoti wina anaitsegulapo kale. Mafunso atatu akwana. Musadandaule kuti za kwantamu simuzidziwa, ngakhale apulofesawo akuti pali zambiri zimene zimawazunguzabe. Ndinu nomwe munkandiuza kuti safunsa anadya phula, ndipo dzina limene ndasainira m'munsimu munandipatsa ndinu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala ndipo sindinaonde ayi. Moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, komanso kwa atelala oyandikana nanu, amene ndamva kuti amamvetsera pulogalamu yanga mokweza dala kuti mawu adutse khoma. Akuti nthawi imeneyo hamala yanu imakhala chete. Sindinafunse zambiri.

Bambo, kunena zoona, masana a apulofesa ndikuwafuna kwambiri, koma akalephereka ndipeza katswiri wina. Chimene sindingapeze kwina ndi mawu anu. Ngati mafunso mulibe, batani likadinidwa mungondikalipira momwemo. Ndivala zomvera m'makutu, ndizimitsa firiji, ndipo ndimvetsera mpaka kumapeto.

Ndine mwana wanu,
Chifukwachiyani