Mipando ikadali panja

Okondedwa ba sisi,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ife kuno ku Nottie Broadie tikupuma chabe.

Mlongo wathu Yohane tinamuika Loweruka, pafupi ndi mkazi wake. Abusa anati Mulungu amathyola duwa lokongola. Ndinatsala pang'ono kuimika dzanja: kodi maluwa amamera pakhomo pathu pokha? Kwa aneba kulibe?

Nkhawa yanga ndi amama. Mipando imene tinatulutsa kuti olira akwane m'nyumba, akukana kuti tiibweze. Akuti, "Isiyeni, mwina Iye sanamalize." Nditawafunsa ngati akupempherabe, anati, "Ndimamukalipira m'mawa uliwonse. Ni Atate anga, ndikalipire ndani?"

Alembereni, inu amakumverani. Mvula yayandikira.

Mulungu yemweyo akusungeni, ndipo asathyole kanthu kwanuko.

Ine mng'ono wanu,
Tisa