Malo Anu a Kukhoma

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Ife kuno tilipo.

Ndiyambe ndi za kumunda, poti ndi zimene mukadayamba kufunsa. Chimanga chinachita mwapakatikati. Nandolo ndiye wabereka bwino, moti mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo. Kalongonda wanu wa kuseri kwa khola palibe anamudzala chaka chino, koma wamera yekha. Woti akhalire mphika tsiku lonse monga munkachitira inu sanapezeke, ndiye tikungomuyang'ana. Mng'ono wanga Lusiya anachira mwezi watha, mwana wamkazi. Watenga chipumi chanu, ndipo akamalira mudzi wonse umadziwa, choncho za mtundu wake sitikukayika.

Nyumba ija tinaumba njerwa zake muli moyo tsopano yafoleredwa. Mapolo a magetsi anafika mpaka pachigayo, kotero ndinaitana wamagetsi wa pa boma, aNamaona, kuti agobe makoma ndi kulowetsa mapaipi a mawaya amisiri asanapake pulasitala. Iwo akuti khoma likapakidwa, kuganiza kwatha. Inu mukadangoti m'mera mpoyamba.

Ntchito yawo ndinkaiyesa ya mawaya, koma ndi ya mafunso. Amalowa m'chipinda ndi khala m'manja n'kuyamba: chitseko chizitsegukira mbali iti, kuti swichi isabisale kuseri kwake? Kusita muzisitira pati? Filiji idzakhala kona iti? Ndinawauza kuti filiji ndilibe. Anati, "Mayi, soketi siwola, imadikira." Kukhitchini anailemba kutali ndi pamene padzakhale beseni lotsukira mbale. M'nyumba monse ndinawauza kuti masoketi akhale ofika m'chiuno, osati pansi monga amachitira m'tauni. Anafuna kutsutsa, koma ndinawatengera kunyumba yakale n'kuwaonetsa mzere umene madzi osefukira ochokera kuphiri la Michesi anasiya pakhoma chaka chija. Sanatsutsenso.

Tinayenda bwino mpaka chipinda cha kumapeto, choyang'ana kudimba. ANamaona anafunsa, "Muno muzigona ndani?"

Amalume, achimwene anu aja, anali pomwepo. Masiku ano sasowa pomwe tikumanga. Anayankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Muno ndi mosungira matumba. Babu limodzi lakwana."

Ine ndinati, "Muno muzigona ababa."

ANamaona anayamba kuyang'ana malata.

Nkhani yake ndi iyi, amayi. Mwambo wosudzula unachitika titangokolola. Ababa anamasulidwa, ndipo amalume akuti mkamwini akamasulidwa amabwerera kwawo. Kwawoko ndi ku Jenala, kumene anachoka ine ndisanabadwe. Alongo awo onse anatha, kwangotsala adzukulu owadziwa dzina lokha. Ng'ala ya m'maso mwa ababa ija yakula, moti kukayamba kuda amayenda phazi likufufuza pansi. Amalume satchula dimba limene ababa akhala akulima zaka zonsezi, koma akamalankhula maso awo amakhala komweko. Tsiku limenelo anangoti, "Iwe mwana, mkamwini asamakule mwendo. Alamu anga sindidana nawo, koma mlendo ndi mame." Ndinafuna kufunsa kuti ndi mame anji osauma mpaka kumera imvi, koma munandilera bwino. Zinandiwawa.

Amalume atachoka ndinauza aNamaona zimene ndikufuna m'chipindamo: soketi ya wailesi, ndi maswichi awiri a babu limodzi, imodzi pakhomo, ina pafupi ndi bedi, kuti munthu asamadzuke kukafufuza khoma mumdima. Anati zimatheka, koma ya pabedi saika mongoganizira. "Mwini chipinda abwere, agone pamene padzakhale bedi, atambasule mkono. Pomwe dzanja lafika ndi pomwepo."

Ababa nditawauza, anali akusema mpini. Anati, "Usawononge waya, mayi," n'kupitiriza kusema. Ndinakumbukira zimene munkanena, kuti ababa ako ukawafunsa ngati ali ndi njala amakuyankha za mitambo.

Poyembekezera kuti atilumikizire magetsi, aNamaona anatimangirira nyale ya sola pakona ya nyumba yatsopano, kuyang'ana njira ya kuchimbudzi. Ndi zija zoyaka zokha zikaona chinthu chikuyenda, n'kuzima pakapita kanthawi. Ndinaifunira ababa, koma imayakira aliyense: mbuzi, galu wa aneba, ngakhale amalume. Madzulo oyamba ababa anadutsapo, n'kubwerera, n'kudutsanso. Kenako anati, "Iyi yokha ndiye siyamba yafunsa kuti kwanu n'kuti."

Lachiwiri m'mbandakucha ndinadzidzimuka ndi kuwala pazenera la nyumba yakale, momwe tikugonabe. Nditasuzumira ndinaona ababa ali panjira, atavala jekete la kutchalitchi, chikwama kumanja, wailesi kukhwapa. Nyale itawayakira anaima chilili, osagwedezeka. Anali ataiphunzira kale, kuti ukapanda kusuntha imakuiwala. Inazimadi. Ataponya phazi inayakanso, iwo n'kuimanso. Ndinawaonerera choncho kwa kanthawi, munthu wamkulu akudikira kuti nyale imuiwale, kenako ndinatuluka.

"Nyale yakoyi ndi kazitape," anatero.

"Mukupita kuti, ababa?"

"Ndimati ndikapeze kabaza pamsewu anthu asanadzuke. Sindifuna uyambane ndi amalume ako chifukwa cha ine. Iwe ndi wa pano. Ine pano ndinatsatira amayi ako."

Sindinalire, ndipo chikwama sindinawalande. Ndinangowauza kuti aNamaona akubwera m'mawa womwewo, amisiri apaka pulasitala Loweruka, ndiye ayambe aonetsa malo a swichi, kabaza sathawa. Anakhala pa mulu wa njerwa kudikira, chikwama chili pamiyendo.

ANamaona atafika anasanja njerwa, n'kuyalapo matabwa kugunda khoma, kuti pakhale ngati bedi. Ine ndinaima pakhomo, poti si bwino mwana wamkazi kuyang'ana bambo ake atagona, komabe ndinkaona. Ababa anavula nsapato, nagona chagada kumphepete kwenikweni, kusiya malo aakulu pakati pa iwo ndi khoma. Anatambasula mkono. Dzanja linathera m'malere.

"Sunthirani kukhomako, bambo," anatero aNamaona.

"Kukhoma amagona amayi ake a uyu."

Ababa anakhala choncho, dzanja lili pamwamba pa malo anu. Kenako anati, "Aa," ngati munthu amene wakumbukira chimene anaiwala kumsika, nayamba kusuntha pang'onopang'ono mpaka phewa linagunda njerwa. Anagwira khoma ndi chikhatho. ANamaona anazunguliza khala m'mbali mwa zala zawo.

Khomalo aligoba dzulo, ndipo paipi yalowa. Chikwama cha ababa chili kuseri kwa chitseko. Sanachimasule, koma za kabaza sanatchulenso. Amalume sanamve kalikonse. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndipita kwawo ndekha, ndikawauze kuti ngati nkhani ndi dimba atenge, koma ababa sachoka. Ndikulonjeza kuti ndikalankhula nditagwada monga munandiphunzitsira, ndipo sindikabweza mawu.

Mutikhululukire kuti malo anu a kukhoma tawapereka musanavomere.

Ndimakukondani, amayi.

Ndine mwana wanu,
Esitere