Kapu ya maluwa ya Lusiya

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Kuno kuchilumba, ku Khuyu, tadzuka, koma mtima wanga sukukhala m'malo. Chiyambire m'mawa ndikungogwira ichi n'kusiya, kugwira icho n'kusiya. Chinangwa chikadali m'madzi, usipa uli pathandala wosatembenuza, ndiye ndati bola ndikhale pansi ndikuuzeni.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati uthenga woipa suthawa, ungathe kudikira. Pakati munandisiya napo paja panabadwa mtsikana, wamakani ngati inu nomwe, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chinangwa cha kuseri kwa mlambe chachita bwino, ngakhale mbuzi za oyandikana nawo sizinasinthe khalidwe. Nkhuni ndiye vuto lomwe lija. Mwera ukawomba mabwato a nkhuni a ku Kobwe sabwera, timaphikira mitengo ya chinangwa, utsi wokhawokha.

Chondisowetsa mtendere ndi Lusiya, mwana wanu wotsiriza. Mwezi watha sitima inawonongeka, mankhwala ake a khunyu anachedwa kufika, ndipo anagwa m'tchalitchi atangomwa m'chikho cha Mgonero. Anthu anabalalika ngati mwalowa njoka. Ndinamugoneka chammbali ndekha monga munkachitira inu, ndikumupukuta thovu ndi chitenje changa, khanda likulira kumsana. Amayi ena anatseka mphuno ndi mipango, ati ukapuma mpweya wa munthu wakhunyu nawenso umayamba kugwa. Ine ndagona naye mphasa imodzi chiyambire ubwana, nanga ndinagwa liti?

Lamulungu lotsatira ndinaona zomwe sindinazionepo. Anthu akuluakulu ankapanikizana kuti amwe Lusiya asanafike. Amene anatsalira kumbuyo kwake ankangoweramitsa mutu, chikho n'kuwadutsa. Lusiya anaona zonse.

Kenaka kunabwera alendo: amayi Mereya ndi amayi Dorika, anzanu a m'gulu la amayi aja, omwe anaimba pamaliro anu mpaka mawu kusasa. Anavala zakutchalitchi, atanyamula kanthu kokulunga mumpango. Atamasula, inali kapu yatsopano yamaluwa, yochita kuitanitsa kutsidya. Amayi Mereya anati, "Iwe Esinati, usatimve molakwa, mwanayu sitikumusala ayi. Tangoti naye akhale ndi yakeyake, azimuthirira padera. Taganiza mwachikondi."

Amayi, chondipweteka n'chakuti sankanama. Nkhope zawo zinali zowala, ankadikira kuthokozedwa. Ndipo Lusiya anagwada, analandira ndi manja awiri monga munamuphunzitsira, nati zikomo. Mukanakhala inu mukanangowayang'ana n'kunena mawu anu aja, akuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, iwo n'kukulunga kapu yawo okha.

Ndinayenda mpaka ku Chipyela kukaona wansembe wathu. Anandiuza kuti za kapuyo sakuzidziwa ndipo sangazilole, chikho ndi chimodzi, koma sangatsegule munthu pakamwa kuti amwe. Ndinabwerera wopanda chogwira. Kufika kunyumba, bambo a mwana nawo ayamba zawo: Lusiya asamanyamule khanda, asamalawe phala lake. Akuti ngati amayi opemphera aona choncho, ife ndife yani. Munthu yemwe wadya mbale imodzi ndi mlamu wake zaka zonsezi! Tinakangana mpaka ndinawasiyira kondowole wosaomola.

Lusiya wasiya kwaya, wasiyanso tchalitchi. Kapuyo waikoleka pamsomali ndipo akumwera momwemo, popanda womuuza. Ndikamupatsa madzi m'kapu yanga amakankha dzanja langa. Atsikana anzake samuitananso popita kunyanja, ndiye amanyamula zochapa n'kupita yekha, kumiyala kuja kopanda anthu. Inu munkati Lusiya ndi madzi asamakumane awiriwiri. Tsopano ndikangoona kuti beseni palibe, ndimasiya chilichonse n'kuthamanga, mwana akugwedezeka kumsana. Ndikuopa, amayi. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzafika mochedwa.

Dzulo masana tinkasenda chinangwa pakhonde. Kenaka Lusiya anafunsa osandiyang'ana, mpeni ukuyendabe: "Achemwali, kumene kuli amayiko, nakonso ndikapeza kapu yanga yapadera?"

Sanafunse mokwiya ayi. Anafunsa ngati munthu wofuna kudziwiratu zoti anyamule paulendo. Ine ndinanamizira utsi, ndinalowa m'khitchini, ndinalira. Inu ndi amene mwakuona kumeneko, mukanamuyankha bwino kuposa ine.

Poti simungalembe, ndiyankha ndine, ndipo ndikulonjeza pamaso panu. Lamulungu likubwerali ndimuveka diresi lake loyera lija, ndimugwira dzanja ngakhale akane. Akakagwada, ine ndikagwada pambuyo pake penipeni, mdzukulu wanu ali kumsana. Ndikamwa pomwe wamwera iye, pang'onopang'ono, tchalitchi chonse chikuona. Anthu akafuna kuthawa atithawe tonse awiri.

Pumulani bwino, amayi. Ine sindipuma kufikira Lusiya atamwanso ndi anthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati